Momwe mungalowetsere nyimbo zanu m'malaibulale a sync kuti zimveke m'mafilimu ndi m'malonda

Oimba ambiri amene ndawaona akuyesa njira iyi amapunthwa pamalo amodzimodzi. Nyimbo imakhala yokoma ndithu, a kampani amaikonda, kenako amayankha ndi mafunso atatu: Nyimboyi eni ake ndi ndani? Muli nayo ina yopanda mawu? Mungatitumizire stems, mafayilo a zida ndi mawu payekhapayekha, pofika mawa? Apa ndi pamene munthu amayamba kukanda m'mutu, imelo ija n'kuzizira osayankhidwa, mwayi n'kupita kwa wina.

Sync ndi chilolezo choti nyimbo yanu ilumikizidwe ku chithunzi choyenda: filimu, sewero la pa kanema, uthenga wa malonda, gemu, kapena vidiyo ya bungwe. Laibulale ya sync ndi kampani imene imasunga nyimbo zambirimbiri n'kumazigulitsira zilolezo kwa opanga mafilimu. Anthu amenewa amagwira ntchito nthawi ili yowathera, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi mlandu. Choncho amasankha nyimbo imene mapepala ake ndi oyera ndipo mafayilo ake ali okonzeka, ngakhale patakhala ina yokoma kuposa imeneyo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Nyimbo zosachepera 5 zomalizidwa bwino, kuli bwino zikhale 10
- Mafayilo a pulojekiti ya nyimbo iliyonse kuchokera ku situdiyo, aja a mu FL Studio, Cubase, Logic kapena pulogalamu ina imene munajambulira
- Mahedifoni abwino
- Pepala la mgwirizano wa magawo, limene pa ntchitoyi amalitcha split sheet
- Umembala wa bungwe lotolera ndalama za oimba, ndi nambala yanu ya IPI, yokudziwikitsani monga wopeka nyimbo
- Imelo ya dzina lanu lenileni kapena la ntchito, imene mumaitsegula tsiku lililonse
- Malo osungira mafayilo pa intaneti, monga Google Drive, Dropbox kapena DISCO
- Bandulo yokwanira, poti mafayilo a WAV ndi olemera
- Njira yolandirira ndalama zochokera kunja, ndi TPIN yanu, nambala ya msonkho

1. Tsimikizani kuti nyimboyo ndi yanu yonse

Nyimbo iliyonse yojambulidwa imakhala ndi umwini uwiri. Woyamba ndi wa chopekacho, ndiye kuti mawu ndi kamvekedwe kake, ndipo ndi wa amene analemba ndi kupeka. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chimene amati master, ndipo kawirikawiri ndi wa amene analipira situdiyo kapena amene mgwirizano unamupatsa. Wopanga filimu amafunika chilolezo cha mbali zonse ziwiri. Ngati inu nokha mungathe kuvomera mbali zonsezo, nyimbo yanu amaitcha one-stop, ndipo mawu amenewa amatsegula zitseko zambiri.

Tengani pepala, lembani aliyense amene anakhudza nyimboyo. Wopanga biti, woimba gitala, mlongo uja anapolokoza pa kolasi, mnzanu amene anangowonjezera mzere umodzi pa vesi yachiwiri. Kenako khalani nawo pansi mugwirizane: amene anapeka nawo alandire gawo lake lolembedwa m'mapelesenti, onse pamodzi akwane 100. Amene anangoimba chida kapena kupolokoza n'kulipidwa asainire kuti analandira malipiro ake ndipo alibenso gawo pa master. Pa pepalapo pakhale mayina onse a pa chiphaso, nambala ya foni, imelo, tsiku ndi siginecha.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno kutulutsa pepala pamaso pa mnzako kumaoneka ngati sukumukhulupirira. Ine zinandichitikira. Tinajambula nyimbo ndi mnyamata wina wodziwa gitala kwambiri, ndinamupatsa ya thiransipoti, tinadyera limodzi nkhomaliro, tinasiyana bwinobwino popanda cholemba chilichonse. Patapita zaka ziwiri kampani ina ya kunja inafuna nyimboyo, ndipo inandipatsa sabata imodzi kuti nditumize mapepala a onse amene anaimbamo. Mnyamata uja anali atapita ku Joni, nambala atasintha. Ndinayenda mpaka kwa mayi ake kukafunsa, ndipo pamene tinapezana sabata ija inali itatha kalekale. Kuyambira tsiku limenelo pepala limasainidwa mu situdiyo momwemo, munthu asanabweze gitala m'chikwama.

Chenjezo lalikulu lili pa mabiti. Ngati munakopera biti pa YouTube, kapena munagula ya lease, ndiye kuti yongobwereka, pa mtengo wotsika, biti imeneyo si yanu. Mgwirizano wa lease nthawi zambiri sulola kupereka chilolezo cha sync, ndipo biti yomweyo angakhale ataigulanso anthu ena ambiri. Nyimbo yotere ichotseni pa mndandanda, pokhapokha mwini biti atakugulitsani umwini wonse molemba. Chimodzimodzi kachidutswa kotengedwa m'nyimbo ya munthu wina, ngakhale ka masekondi awiri. Ma loop, tizidutswa ta nyimbo tobwerezabwereza, ogula m'malo ngati Splice amaloledwa kugwiritsa ntchito, koma malaibulale ena sawafuna chifukwa loop yomweyo imapezeka m'nyimbo za anthu ambiri. Akakufunsani, nenani zoona.

Nkhani ya nyimbo za makolo njofunika kuisamala. Lamulo la copyright la dziko la Malawi limaika umwini wa zaluso za chikhalidwe m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Kuimba ng'oma m'kamvekedwe ka manganje, beni kapena mganda pa nyimbo imene mwapeka nokha ndi nkhani ina. Kutenga nyimbo yonse imene agogo ankaimba pamtondo n'kulembapo dzina lanu monga wopeka ndi nkhani inanso. Musanatero, kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za copyright m'Malawi.

2. Lembetsani ku bungwe lotolera ndalama

Ndalama za sync zimabwera kawiri. Yoyamba ndi ya chilolezo, imene imalipidwa kamodzi. Yachiwiri imabwera nthawi iliyonse pulogalamu kapena filimuyo ikaulutsidwa pa kanema, ndipo imeneyi imadutsira ku mabungwe otolera ndalama. Ku Malawi ndi COSOMA, ku Zambia ndi ZAMCOPS, ku Zimbabwe ndi ZIMURA, ku South Africa ndi SAMRO, ku Britain ndi PRS, ku America kuli ASCAP ndi BMI. Mabungwewa amatumizirana ndalama za mamembala awo.

Mukalembetsa, funsani nambala yanu ya IPI. Imeneyi ndiyo imakudziwikitsani monga wopeka nyimbo pa dziko lonse, ndipo ndi yosiyana ndi nambala ya umembala. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Opanga filimu amalemba pepala lotchedwa cue sheet, losonyeza nyimbo iliyonse imene yamveka, kutalika kwake ndi eni ake. Dzina lanu likalembedwa molakwika pamenepo, ndalama imasochera.

Lembetsaninso nyimbo iliyonse payokhapayokha, ndi magawo ofanana ndendende ndi aja ali pa split sheet. Musalowe mabungwe awiri pa ufulu umodzimodzi m'dera limodzi, zimangobweretsa mkangano umene umaimitsa malipiro.

3. Sankhani nyimbo zoyenera chithunzi

Nyimbo yovinitsa pa ukwati si nthawi zonse imakhala bwino pansi pa chithunzi. Mkonzi wa filimu amafuna nyimbo yokhala ndi mtima umodzi kuyambira poyamba mpaka pothera: yachisangalalo, yachisoni, yachiyembekezo, yochititsa mantha. Amafuna iyambe msanga, izikula pang'onopang'ono, ikhale ndi malo opumira oti angadulepo.

Chotsani zija timakonda zotchula dzina la pulodyusa ndi la situdiyo kumayambiriro. Chotsani moni wa kwa anzanu a ku Ndirande ndi ku Kawale, mayina a makampani, a zipani, ndi mawu otukwana. Nyimbo ithe ndi kugunda kumodzi komveka kenako kulira kwake kuzilale kokha, osati kumangotsitsa voliyumu pang'onopang'ono.

Maganizo anga ndi akuti musalimbane ndi kutengera oimba a ku Atlanta kapena ku London. Nyimbo za mtundu umenewo malaibulale ali nazo zodzaza nkhokwe. Chimene sachipeza msanga ndi kalimba yeniyeni yojambulidwa bwino, bangwe, valimba, babatoni, gitala yoimbidwa mwa kwathu, kwaya ya mawu anayi. Opanga mafilimu a za nyama zakutchire, za maulendo ndi za mabungwe a chitukuko amafunafuna zimenezi. Kuimba m'Chichewa si vuto, bola mupereke tanthauzo la mawu onse m'Chingerezi kuti adziwe chimene akuika pansi pa chithunzi chawo.

4. Konzani mafayilo onse

Bwererani ku situdiyo ndi hard drive yanu. Pa nyimbo iliyonse tulutsani izi:

Nyimbo yonse. Ina yopanda mawu, ya zida zokhazokha, imene amati instrumental. Imeneyi musaiphonye, chifukwa nthawi zambiri ndi imene imagwiritsidwa ntchito pamene anthu akuyankhula m'filimu. Ina ya mawu okhaokha. Kenako stems, ndiye kuti magulu a zida payekhapayekha: ng'oma zonse, bezi, magitala, makiyibodi, mawu otsogolera, mawu opolokoza. Ngati mungathe, dulaninso zidutswa za masekondi 60, 30 ndi 15, poti mauthenga a malonda amayendera utali umenewu.

Zonse zikhale WAV kapena AIFF, 24-bit, 48kHz, umene ndi muyezo wa ntchito za vidiyo, pokhapokha laibulaleyo itanena zina. Pangani ndi MP3 ya 320kbps yongomverera. Musatenge MP3 n'kuisandutsa WAV. Dzina lokha ndilo limasintha, zimene zinatayika sizibwerera, ndipo iwo amazindikira. Fayilo imene inadutsapo pa WhatsApp monga odiyo musaidalire.

Ma stems onse ayambire pa sekondi imodzimodzi ndipo akhale otalika mofanana, ngakhale gitala itayamba kulira pakati pa nyimbo. Kuti mutsimikize, tsegulani pulojekiti yatsopano, ikanimo ma stems onse, muwaseweretse pamodzi. Azimveka ngati nyimbo ija.

Tsopano valani mahedifoni mumvetsere fayilo ya mawu okhaokha, maso ali otseka. Zimene biti inkabisa zimaonekera poyera. Tsiku lina ndikuchita zimenezi ndinamva tambala akulira chapatali pakati pa vesi yoyamba ndi kolasi, ndipo pansi pa mawu onse panali kung'ung'uza kwa chigayo cha kuseri kwa nyumba. Pa nyimbo yonse sizinkamveka n'komwe, koma pa stem zinali ngati zili m'chipinda momwemo. Tinajambulanso mawuwo usiku chigayo chitatseka, titapachika mabulangete pa zenera ndi pa chitseko. Mvula ikamagwa pa malata, ingodikirani.

Ngati pulodyusa wanu anafufuta pulojekiti kapena kompyuta yake inafa, nyimbo imeneyo yatsala ndi mwayi wochepa. Kuyambira lero, tsiku lomaliza mix muzichoka ku situdiyo ndi mafayilo onse, ndipo muziwasunga malo awiri.

5. Lembani zizindikiro za nyimbo

Mkonzi akafuna nyimbo amalemba mawu m'bokosi lofufuzira, monga mmene mumachitira pa Google. Nyimbo yopanda zizindikiro zolondola siipezeka. Zizindikirozi amazitcha metadata. Konzani tebulo mu Excel kapena Google Sheets lokhala ndi mutu wa nyimbo, dzina la woimba, opeka onse ndi magawo awo, bungwe lawo ndi IPI, mwini master, liwiro la nyimbo mu BPM, kiyi, mtundu wa nyimbo, mtima wake, zida zimene zikumveka, chiyankhulo, ISRC (nambala yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa) ngati ilipo, ndi imelo yanu. Mawu ofotokoza mtima alembeni m'Chingerezi, ndipo akhale oona. Nyimbo yachisoni musailembe kuti ndi yachisangalalo pofuna kuti ipezeke kambiri.

Zomwezi zilowetseninso mkati mwa MP3 ndi AIFF. WAV sasunga bwino zizindikiro, choncho dzina la fayilo lizinena zonse: dzina lanu, mutu wa nyimbo, ndi mtundu wake, kaya ndi instrumental kaya ya masekondi 30.

6. Fufuzani malaibulale, musankhe ochepa

Malaibulale ali m'magulu. Ena ali ngati msika, monga Pond5 ndi Songtradr, kumene mumatsegula akaunti n'kuika nyimbo nokha. Ndi poyambira pabwino pophunzirira, ngakhale mitengo imakhala yotsika ndipo opikisana nawo ndi ochuluka. Ena amasankha mosamala, monga Musicbed, Marmoset, Artlist ndi Audiosocket. Palinso akuluakulu opanga nyimbo za pa kanema, monga Audio Network, APM Music ndi Universal Production Music, amene kawirikawiri amafuna chimbale chonse cha mtundu umodzi, ndipo kulowako kumafuna mbiri ya ntchito.

Lowani pa webusaiti ya iliyonse, mumvetsere zimene ali nazo kwa ola lathunthu. Dzifunseni ngati nyimbo yanu ingaime pambali pa zimenezo osachita manyazi pa kajambulidwe, komanso ngati ikubweretsa chimene iwo alibe. Werengani tsamba lawo la katumizidwe ka nyimbo, poti malamulo amasintha ndipo ena amatseka kulandira kwa kanthawi. Yambani ndi atatu kapena asanu.

7. Tumizani mwaulemu ndiponso mwachidule

Ngati ali ndi fomu, gwiritsani ntchito fomuyo. Ngati ndi imelo, ikhale ya mizere yochepa: ndinu ndani, muli kuti, mumapanga nyimbo zotani, kuti nyimbozo ndi one-stop, kuti instrumental ndi stems zilipo. Ikani linki imodzi ya nyimbo zitatu mpaka zisanu, yoyamba ikhale yamphamvu kuposa zonse. Musamatire mafayilo ku imelo. Yesani linkiyo pa foni ya mnzanu kuti muone ngati ikutseguka popanda kupempha chilolezo.

Mbiri ya moyo wanu ndi mavuto amene mwadutsamo zisiyeni. Pakapita masabata atatu kapena anayi iwo asanayankhe, kumbutsani kamodzi. Akakana, thokozani, mudzatumize zatsopano pakapita miyezi ingapo.

8. Werengani mgwirizano musanasaine

Apa musathamange, ngakhale mtima ukudumphadumpha. Yang'anani zinthu izi.

Kodi ndi exclusive kapena non-exclusive? Exclusive ndiye kuti nyimbo imeneyo simungaiperekenso kwina. Malaibulale otere nthawi zambiri amalimbikira kuigulitsa, koma mukalakwitsa kusankha, nyimbo imagona m'nkhokwe. Non-exclusive imakulolani kuika nyimbo malo angapo.

Kodi mgwirizanowo ndi wa zaka zingati? Mukaona mawu akuti in perpetuity, dziwani kuti ndi mpaka kalekale. Pemphani kuti pakhale ndime yoti nyimbo idzabwerera kwa inu ngati sinapeze ntchito pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.

Kodi mugawana bwanji? Kugawana pakati ndi pakati pa ndalama ya chilolezo n'kofala. Pa ndalama zobwera pambuyo, pali gawo la wopeka ndi gawo la wofalitsa. Laibulale ikatenga gawo la wofalitsa, zimenezo n'zachizolowezi. Gawo la wopeka ndi lanu, musalipereke.

Onaninso ngati akufuna kusintha mutu wa nyimbo kuti ailembetse m'dzina lawo. Ena a non-exclusive amatero, koma nyimbo imodzi ikakhala ndi mitu itatu m'malaibulale atatu, makina ozindikira nyimbo amasokonezeka ndipo makampani ena a kanema amaipewa. Masiku ano onaninso ngati pali ndime yowalola kugwiritsa ntchito nyimbo zanu pophunzitsa makina a AI, musankhe mukudziwa.

Mgwirizano wa exclusive kapena wa ndalama zambiri muonetseni loya, kapena munthu wodziwa za copyright. Musachite manyazi kufunsa tanthauzo la mawu amene simukuwamva.

9. Konzani njira ya ndalama, ndipo sungani kaundula

Musanasaine, funsani kuti amalipira kudzera pati ndipo ndalama ikwane zingati kuti atumize. Ena amagwiritsa ntchito PayPal, ena Payoneer, ena kubanki. Tsimikizani kuti njira imeneyo ikulola kulandira ndalama m'dziko limene muli. Makampani a ku America adzakupatsani fomu ya msonkho yotchedwa W-8BEN. Amene dziko lawo lilibe pangano la msonkho ndi America amadulidwa 30 peresenti pa ndalama zochokera kumeneko, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo, choncho musadabwe mukaona yachepa.

Mu tebulo lanu lija wonjezerani malo olemba kuti nyimbo iti ili ku laibulale iti, pa mgwirizano wotani, kuyambira liti mpaka liti. Ndalama zodutsira ku mabungwe zimachedwa, zimatha kutenga chaka kapena kupitirira. Mukadziwa kuti nyimbo yanu yamveka m'pulogalamu inayake, pemphani kope la cue sheet mukapereke ku bungwe lanu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Chofala kwambiri ndi Content ID, njira imene YouTube imazindikirira nyimbo za eni m'mavidiyo. Poika nyimbo pa Spotify kudzera ku DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ambiri amangodina bokosi lililonse, kuphatikizapo loti nyimbo izitetezedwa pa YouTube. Zotsatira zake, munthu amene wagula chilolezo mwachilungamo ku laibulale akaika vidiyo yake amalandira chidziwitso choti wagwiritsa ntchito nyimbo ya eni. Amakwiya, amadandaula ku laibulale, ndipo laibulale imachotsa nyimbo zanu. Funsani kaye lamulo lawo pa nkhaniyi, ndipo onaninso ngati simunapereke kale ufulu wa sync kapena wofalitsa kwa kampani imene imakugawirani nyimbo.

China ndi kupereka nyimbo imodzi kwa awiri pamene mmodzi munasaina naye exclusive. Dziko la ntchitoyi ndi laling'ono, amadziwana, ndipo dzina likaipa limavuta kuliyeretsa.

Ena amalipira anthu olonjeza kuti nyimbo ilowa m'filimu ya Netflix mukangotumiza madola angapo. Palibe amene angalonjeze zimenezo. Laibulale yeniyeni imapeza phindu nyimbo yanu ikagulidwa. Alipo mawebusaiti odziwika amene amalipiritsa umembala kuti muziona zimene makampani akufuna, koma nawonso salonjeza kanthu, ndiye werengerani bwino musanatulutse ndalama.

Kuchedwa kuyankha kumaluzitsanso ambiri. Uthenga wofuna stems umatha kufika usiku kwathu kuno, kwawo kuli masana, ndipo amafuna yankho m'maola ochepa. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, iwo sadikira. N'chifukwa chake mafayilo onse azikhala kale pa intaneti, foda iliyonse ndi linki yake, kuti muthe kutumiza ndi foni muli mu minibasi.

Pomaliza pali kusiya msanga. Munthu amaika nyimbo zitatu, amadikira miyezi iwiri, n'kunena kuti njirayi ndi yabodza. Nyimbo zochepa chotero zimamira pakati pa zikwizikwi za ena. Dziikireni muyezo umene mungakwanitse, kaya nyimbo imodzi kapena ziwiri pa mwezi, iliyonse ituluke mu situdiyo ili ndi split sheet yosainidwa, instrumental, stems ndi mzere wake mu tebulo lija, kenako muitumize mwezi womwewo.